Kaphukusi ka Nachangu ndi Mazira a Kameta

Mng'ono wanga sadziwa kukhala pansi. Mukamupatsa mpando amakhalira kunsonga, mwendo umodzi ukugwedera, maso ali pakhomo ngati wasiya mkaka pamoto kwinakwake. Tiyi amamwa choimirira, ndipo lilime lake linapsa kalekale moti silimvanso kutentha. Dzina loti Nachangu anamupatsa ndi amayi, ndipo sanamunamizire. Mwanayu anabadwa masiku asanakwane, m'galimoto ya eni ake, geti la chipatala likuonekera patsogolo pompo. Amayi ankati limenelo linali chenjezo, kungoti ife sitinamve.

Ine ndine mkulu wake, telala, ndipo mpendero umodzi nditha kukhala nawo m'mawa wonse popanda chondivuta. N'chifukwa chake timakondana koma sitichedwa kuyambana. Ndikamuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, iye amati zengerezu adalinda kwaukwau, ndipo amanena zimenezo ali kale pakhomo, nsapato imodzi ili kumanja. Kusukulu ankamaliza mayeso anzake asanafike pakati, kenaka n'kumva panja kuti kuseri kwa pepala kunalinso mafunso. Nzeru zokha Mulungu sanamumane, ndiye ankakhozabe. Panali mnyamata wina wabwinobwino amene ankamufuna, koma ankazengereza kutula mawu. Pamene ankati atsegule pakamwa, anapeza mnzakeyo wasintha ntchito, wasamuka nyumba, nambala ya foni ndi ina.

Ntchito imene anakhalitsako ndi ya pakampani ina yaing'ono, pamwamba pa shopu ya matayala. Amapanga timabokosi toyendetsa zinthu: mipope ya madzi, mafiliji, makina ofungatira mazira. Ndinafikako kamodzi kukapereka makatani amene ndinawasokera. Chipinda chake ndi chopanikiza, chonunkha mtovu wosungunuka ndi fumbi la matayala lochokera pansi. Patebulo pake panali timatabwa tobiriwira todzaza tizitsulo, mawaya opiringizana, makapu atatu a tiyi osamaliza, ndi fani yokhala ndi phiko lothyoka. Mapulagi onse ankathera kuseri kwa kabati yachitsulo, komwe munthu sangafikeko popanda kugwada n'kulowetsa mkono mpaka phewa. Kabati imeneyo ndinaiona chifukwa inandikola siketi, sindinadziwe kuti idzatilowera m'nyumba.

Tsiku limenelo ndinamufunsa kuti kwenikweni amachita chiyani, poti anthu akandifunsa ndinkangoti ndi wamakompyuta. Anandilongosolera akuyenda, ine ndikumutsatira ndi maso. Anati m'kabokosi kalikonse muli kakompyuta kochepa ngati chikhatho. Kakangoyatsidwa kamadzuka mutu uli mbee, osadziwa ngakhale ntchito yake. Nzeru zake zonse zimakhala pakhadi laling'ono ngati chikhadabo, longa la m'foni lija, koma kuti kawerenge khadilo pamafunika wina woyamba kufika. Ndiye pali kaphukusi kamene kamatsanulidwa koyambirira m'mutu mwa kakompyutako. Iwo amati initramfs, dzina limene lilime langa linakana, ine ndimangoti kaphukusi. Ntchito yake ili ngati ya munthu wamakiyi pashopu: amafika anthu onse asanabwere, amafunafuna chitseko, amatsegula, n'kupereka malo kwa eni ntchito, iye basi wapita. Nachangu ndiye amalongedza kaphukusiko. Amasankha choti chilowemo ndi choti chitsale. Akalongedza zambiri, kabokosi kamachedwa kudzuka ndipo malo amachepa. Akachotsa zambiri, wamakiyi uja amafika pakhomo alibe kiyi.

Ndinaona kuti ntchitoyo anaidziwa ndipo ankaikonda, koma inali ndi chilango chimodzi chomuyenera. Akasintha kanthu, kompyuta yaikulu ya pakona imayenera kumanga zonse mwatsopano, ndipo imagaya kwa nthawi yaitali, munthu ulibe chochita. Pamenepo ndiye mumuone Nachangu. Amatsika masitepe n'kukweranso. Amakacheza ndi amatayala, nkhani isanathe wabwerera. Amandiimbira foni kundifunsa ngati ndadya, ndisanayankhe wadula. Anzake a pantchito anazolowera, amangosuntha mipando kuti yakaliyakali wakeyo asawapunthe.

Abambo anabwera kudzakhala kwa ine amayi atamwalira, ng'ala itayamba kuwaphimba maso. Katundu anabwera naye wochepa: sutikesi, wailesi, chipewa, ndi dengu la nkhuku. Nkhukuzo zinali za kameta, zakhosi lopanda nthenga zija, zosaoneka bwino ngakhale pang'ono. Ine ndinkati zikuoneka ngati wina anayamba kuzisosola n'kuitanidwa. Koma mtundu umenewo amayi anabwera nawo pokwatiwa, thadzi limodzi lomwe anapatsidwa kwawo, ndipo kuyambira pamenepo sunatheko pakhomo pathu. Abambo sankatchula amayi kawirikawiri. Ankangotuluka m'mawa ndi kachitini ka chakudya cha nkhuku, n'kumayankhula nazo motsitsa mawu kuseri kwa nyumba, ndipo ine ndinkadziwa amene akuyankhula naye.

Chitopa chinadutsa mumsewu mwathu chaka chimenecho n'kusesa makola. Kwa ife kunatsala thadzi limodzi ndi tambala wokalamba, ndipo tambalayo sanakhalitse. Thadzilo linaikira mazira odzaza chipewa cha abambo, n'kuyamba kufungatira. Litangofungatira tsiku limodzi, galu wa aneba anaboola mpanda. Ndinamva phokoso ndili pamakina, koma pamene ndinkafika n'kuti nthenga zili mbwee pabwalo. Ndinakalipa mpaka mawu anandithera, aneba anapepesa, anati agula ina. Abambo anagwada pachisa, anatola mazirawo limodzilimodzi n'kuika m'chipewa, n'kuchifungatira pamimba m'kati mwa jekete. Nditawaona choncho, mtima wanga unasweka.

Ndinaimbira Nachangu, ndipo changu chakecho tsiku limenelo ndinachithokoza. Madzi a tiyi asanawire, anali atafika pa njinga yamoto atakumbatira bokosi loyera lokhala ndi chivundikiro chagalasi. Anali makina ofungatira mazira, amodzi mwa amene ankayesera kuntchito. Tinawaika pakona pa chipinda chochezera, pafupi ndi makina anga osokera, pulagi tinalowetsa kuseri kwa kabati ya mbale. Atayatsa, kagalasi ka patsogolo kanakhala bii kwa kanthawi. Nachangu anayamba kugogoda tebulo ndi zala. Abambo anafunsa ngati chinthucho chili chamoyo. Kenaka manambala anatuluka, kamphepo kofunda kanayamba kuzungulira m'katimo, thireyi inapendeka pang'onopang'ono kutembenuza mazira monga lichitira thadzi. Abambo anakoka mpando wawo n'kuuika pomwepo, ndipo kuchokera tsiku limenelo ndi pamene ankakhala.

Funso la abambo lija, loti kodi chili chamoyo, linamukhala Nachangu pamtima ngati munga. Loweruka lotsatira anabwera ndi laputopu yake, nkhope ikuwala. Anati wakhala akupepukitsa kaphukusi kaja sabata yonse. Wachotsamo zilankhulo zosafunika, wachotsamo makiyi a zitseko zomwe kabokosi aka kalibe, ndipo wapezamo mzere wina wopusa wouza wamakiyi kuti aime adikire mpaka khadi liyankhe. Anati mzere umenewo anaulemba munthu wamantha, chifukwa iye wayesa kambirimbiri patebulo pake, khadi limayankha nthawi yomweyo, palibe chodikira. Anati magetsi akathima n'kuyakanso, makinawo azidzuka msanga, mazira asamve mphepo. Cholinga chinali chabwino, zimenezo sindingamulande.

Ndinamuuza kuti chinthu chikamayenda bwino sachigwiragwira. Anandiyankha kuti ine ndine uja ndimasokabe ndi makina opalasa ndi phazi. Analumikiza waya wake kumbuyo kwa bokosi, analemba zakezo mofulumira ngati mvula padenga, kenaka analamula kabokosiko kuti kayambirenso. Kagalasi kanathima, kuphethira kumodzi kayakanso. Anabwereza kawiri kuti abambo aone, ngakhale abambo ankangoona mbuu. Iwo anagwedeza mutu n'kunena kuti ana a masiku ano ndi ena. Nachangu anapinda laputopu, anamwa tiyi wanga choimirira, ulendo. Pulagi ija kuseri kwa kabati palibe anaikhudza.

Sabata ina inadutsa bwinobwino. Magetsi sanatigwiritse mwala, zomwe si kawirikawiri. Madzulo ena Nachangu anaunika mazirawo ndi tochi ya foni, tinaona timitsempha tofiira ndi kanthu kakuda kakugwedezeka m'kati. Abambo anapempha kuti tiwauze bwinobwino zimene tikuona, dzira lililonse palokha. Kudya anayamba kudya bwino. Anayamba kukonza khola, kuluka mpanda pamene galu anaboola, ndi kundivutitsa kuti ndiwasungire katoni ya anapiye.

Ndiye linafika tsiku lawo lokaonetsa maso kuchipatala. Tinanyamuka m'mawa tonse atatu, poti Nachangu anati atithandiza kuti zithe msanga. Kumeneko kulibe msanga. Tinakhala pabenchi m'khonde lalitali lonunkha mankhwala, mzere ukusuntha ngati wakakamizidwa. Mng'ono wanga anayenda khonde limenelo mpaka anadziwa chitseko chilichonse. Anakafunsa anamwino kangapo mpaka anamuuza kuti akafunsanso abambo awaika kumapeto. Anawerenga zikwangwani zonse za pakhoma, anakonzera mayi wina foni, anakangana ndi mlonda za fani yosazungulira. Abambo anangokhala phee, chipewa pabondo. Adokotala anawaona dzuwa litapendeka, anawathira mankhwala m'maso amene anawachititsa kuona chimbuuzi chokhachokha, n'kutiuza tsiku lobweranso.

Titafika kunyumba, ndinamva filiji ikulira monga mwa masiku onse, ndipo ndinalowa kukhitchini kukaika madzi pamoto. Abambo anapapasa khoma mpaka pampando wawo. Kenaka ndinamva akuitana dzina langa, motsitsa, mawu omwe anandiitana nawo tsiku limene amayi anatisiya.

Makina aja anali zii. Kagalasi kanali bii, kamphepo kulibe, thireyi itaima chopendeka. Abambo anali atatsegula chivundikiro, dzira limodzi ataligunditsa patsaya. Ndinagwira lina, linali lozizira ngati mwala wa kubafa. Ndinathamangira kumpanda kufunsa aneba, iwo anati inde magetsi anathima titangochoka, koma sanachedwe, anayakanso iwo asanamalize n'kusesa komwe. Ndiye kuti filiji inadzuka, wailesi ya aneba inadzuka, nyumba zonse mumsewu zinadzuka, kupatula bokosi la mng'ono wanga wanzeru uja. Mazira anakhala pamphepo tsiku lathunthu magetsi alipo.

Nachangu anali atagwada kale pansi, laputopu imene sasiyana nayo ija ili pamaondo, waya ataulumikiza kumbuyo kwa bokosi. Ndinaima kumbuyo kwake. Pagalasi la laputopu panatuluka mizere ingapo, ndipo pansi pake kachizindikiro kakuphethira. Anawerenga, n'kukhala kakasi. Aka kanali koyamba kumuona mng'ono wanga ataima osagwedeza kanthu kalikonse. Kenaka analemba mawu awiri okha, makina aja n'kudzuka pompo, kamphepo n'kuyamba kuzungulira ngati palibe chachitika.

Ndinamufunsa kuti chavuta n'chiyani. Anayankha maso ali pansi. Anati khadi lija likakhala kuti lazimiratu, magetsi atachokeratu, limatenga kamphindi kuti lidzuke, kamphindi kochepa ngati kupuma kawiri. Wamakiyi uja anafika pakhomo, anagogoda kamodzi, sanamve yankho, ndipo poti mzere womuuza kuti adikire unachotsedwa, anangolemba kuti khadi kulibe n'kukhala pansi kudikira munthu woti amuuze chochita. Wakhala akudikira choncho kuyambira m'mawa. Ndinamufunsa kuti nanga kuyesa kambirimbiri kuja ankayesa chiyani. Anati ankalamula kabokosi kuti kayambirenso kuchokera pa laputopu, ndipo ukatero khadi silizima, limakhala lili maso. Pulagi sanazulepo ngakhale kamodzi, chifukwa kuntchito ili kuseri kwa kabati yachitsulo ija, ndipo kugwada n'kudikira kuti zonse zizime ankaona ngati kutaya nthawi.

Ndinapsa mtima, ndipo sindibisa, ndinamulalatira. Ndinamukumbutsa mayeso a kuseri kwa pepala, mnyamata uja, mapoto onse amene anapsereza chifukwa chokoleza moto wambiri. Ndinamuuza kuti kuthamanga si kufika, ndi kuti kupuma kawiri kokha kwamukanika mpaka wapha nkhuku za amayi. Mawu omalizawo atatuluka ndinafuna kuwabweza, koma madzi akatayika saoleka. Abambo anabwezera dzira lija pamalo pake, anatseka chivundikiro bwinobwino ndi manja awiri.

"Mwatha?" anatifunsa. "Ngati mwatha, wina andipatse madzi akumwa. Mazirawa sanatiuze kuti afa."

M'mawa mwake Nachangu anapita kuntchito kukauza abwana ake kuti mabokosi amene ankati atumize kwa alimi ayambe aima, poti kaphukusi kake komweko kanali m'menemonso. Anapempha tchuthi, n'kubwera kwa ine ndi chikwama cha zovala ndi bokosi lina lopanda mazira. Anabwezeretsa mzere uja, ndipo anawonjezera wina wouza wamakiyi kuti khadi likapanda kuyankha asakhale pansi, azigogodabe. Kenaka anayamba ntchito imene anaithawa moyo wake wonse. Anagwada kuseri kwa kabati yanga ya mbale, tsaya litagunda khoma, n'kuzula pulagi ya bokosi lopanda kanthulo. Ankadikira mpaka timagetsi tonse tizime, n'kudikirabe, kenaka n'kulowetsa, n'kuyang'ana kagalasi kakuda mpaka manambala atuluke. Anachita zimenezo masana onse. Maondo anachita mabala, mbale zanga zinkalira nthawi iliyonse akagunda kabati.

Atakhutira, anaika kaphukusi katsopanoko m'makina a mazira aja. Panatsala chinthu chimodzi, kuzula pulagi yeniyeniyo mazira ali momwemo. Anandiyang'ana, ine ndinayang'ana abambo, abambo anati zula. Anazula. Kamphepo kanaleka, m'chipindamo munangoti zii, tinkamva ana akusewera panja. Analowetsanso. Kagalasi kanakhala bii, ndipo ine amene ndimadzitama kuti ndine wodekha ndinapeza ndaluma chala. Kupuma kuwiri kuja kunatalika. Manambala atatuluka, Nachangu anakhala pansi pasimenti pomwepo n'kubisa nkhope m'mikono.

Zimene akanatha kukonza anakonza. Zotsalazo zinalibe waya woti alumikizepo, ndipo sabata imeneyo nyumba yanga inaona zakuda. Anasesa pomwe ndasesa kale. Anasanja ulusi wanga motsata mitundu moti sindinkapezanso kanthu. Anamasula wailesi ya abambo imene inalibe vuto n'kuimanganso. Anawerenga pafoni zonse zokhudza mazira ozizidwa, n'kumatiuza: ena akuti amaswa mochedwa, ena akuti saswa n'komwe, ena akuti zimatengera. Ankafuna kuunikanso ndi tochi kuti adziwe. Abambo anakana. Anati masiku omalizira thadzi silidzuka pachisa ngakhale ulipatse chiyani, ndiye chivundikirocho chisatsegulidwe. Nachangu ankazungulira bokosilo, n'kusuzumira pagalasi mpaka mpweya wake kuchita nthunzi pamenepo, n'kutuluka panja, n'kubweranso. Ndinamumvera chisoni, ngakhale mkwiyo unali usanandithere.

Tsiku loyenera kuswa linafika n'kudutsa. Mazira anangokhala ndwii, oyera, osagwedezeka. Lotsatira lakenso chimodzimodzi. Abambo anasiya kutchula za katoni ya anapiye, chakudya anayambanso kusiya m'mbale. Nachangu anandinong'oneza kukhitchini kuti bwanji tiswe limodzi tione, kusiyana n'kumangokhala osadziwa. Anati iye angapirire kumva kuti onse afa, koma kusadziwaku kukumudya. Ndinamuuza kuti mazirawo si ake. Anatuluka, anayenda mpaka kumapeto kwa msewu, n'kubwerera thukuta lili kamukamu, kulowa n'kulunjika pagalasi pomwe paja.

M'mawa wa tsiku lachitatu lake ndinali pamakina ndikusoka yunifolomu, abambo ali pampando wawo akuwodzera. Ndi iwo amene anayamba kumva, poti maso atachepa makutu anakula. Anadzutsa mutu n'kukweza chala kuti ndileke kupalasa. Ndinaleka. Kunamveka kulira kochepetsetsa, ngati kachitseko kakutali. Nachangu anatulukira kuchokera kubafa sopo ali m'khutu. Padzira limodzi la kumapeto panali kabowo, ndipo pakabowopo kamlomo kankatuluka n'kubwerera.

Kamwanapiyeko kanagogomola pang'ono, n'kuleka. Dzuwa linakwera, kabowo kali komweko. Kankalira, kenaka n'kukhala chete nthawi yaitali moti tinkayesa kuti katha, kenaka n'kuliranso mofooka. Nachangu anati katopa, kuzizidwa kuja kunakafooketsa, sikatha kokha. Anatsegula kabati yanga ya zosokera n'kutenga kachitsulo kanga kozulira ulusi. Anati angochotsako chigoba pang'ono, pang'ono pokha. Ine sindinamuletse, chifukwa nanenso mtima unkandiuza zomwezo. Dzanja lake litafika pachivundikiro, abambo analigwira pamkono. Sindikudziwa kuti analiona bwanji.

"Ababa, kafa tikuona," anatero Nachangu, misozi ili m'maso. "Ndakapha kale kamodzi. Ndisiyeni ndikathandize."

"Ukakasenda nthawi isanakwane kataya magazi," anatero abambo. "Kakupuma, sikanafe. Khala pansi."

"Sindingathe, ababa."

"Iwe unabadwa wochepa ngati botolo. Anamwino anatiuza kuti tisayembekezere zambiri. Amako anakuika pachifuwa, anakhala nawe pabedi miyezi iwiri osapita ngakhale pakhomo, ndipo palibe tsiku anakufunsa kuti ufulumire. Iwe walephera tsiku limodzi?"

Nachangu anabweza kachitsulo kaja patebulo langa. Anakoka kampando kanga kodulirapo nsalu, anakhala moyang'anana ndi galasi, manja onse awiri anawakhalira. Mwendo unkagwederabe, ndinkauona, koma sanadzuke. Ndinamupatsa tiyi, anazizira pambali pake. Foni yake inalira kangapo, sanaiyang'ane. Ine ndinayesa kusoka koma ndinasokera thumba kumsana kwa malaya, ndiye ndinangosiya. Tinakhala atatu m'chipindamo, dzuwa likusuntha pasimenti kuchoka pakhomo kufika pamiyendo ya kabati.

Chakumasana kabowo kanayamba kukula. Kamlomo kaja kanayenda mozungulira dzira, kugogoda n'kupuma, kugogoda n'kupuma, mpaka mng'alu unakumana. Kenaka chigoba chinakankhidwa n'kugawika, ndipo panagwa kanthu konyowa, kosaoneka bwino, kamutu kakulendewera. Kanagona chafufumimba kakupuma mofulumira. Mazira ena onse anali chikhalire, ndipo tsiku lotsatira tinawakwirira kuseri kwa khola, anali atasukusa.

Abambo anasendeza nkhope pafupi ndi galasi, koma ndinadziwa kuti sakuona kanthu.

"Khosi lake?" anafunsa.

Nachangu anasuzumira, anapukuta galasi ndi mkono wa malaya, anasuzumiranso.

"Lometa, ababa. Lometa ngati la zija za amayi."

Abambo anavula chipewa n'kuchiika pabondo. Milomo yawo inkayenda koma mawu sankamveka, ndipo sindinafune kumva, poti sanali athu. Ine ndinalira poyera, osabisa. Kamwanapiye kaja kanayesa kuimirira, kanagwa, kanayesanso.

Patapita kanthawi mng'ono wanga anapukuta m'maso, ndipo ndinaona mutu wake wayambanso kuthamanga. Anati kamodzi kokha sikakwanira kusunga mtundu, pokhapokha katakhala kathadzi, ndiye tidzafune tambala kwina. Anafunsa abambo kuti kameneka ndi kathadzi kapena katambala, ndipo ngati pali njira yodziwira lero.

"Palibe," anatero abambo. "Zimenezo zimaoneka pakapita miyezi."

Nachangu anadzuka, anafika mpaka pakhomo, anagwira chitseko. Anaima pamenepo akuyang'ana kumsewu. Kenaka anabwerera, anakhalanso pakampando kaja, n'kutenga tiyi wozizira uja kuyamba kumwa atakhala pansi.